M'bale Akamamwa Mowa Tsiku ndi Tsiku Ali pa Mankhwala a Kuchipatala: Mafunso ndi Mayankho

M'mabanja ambiri muli munthu amene aliyense amamudera nkhawa, koma nkhani yake imakambidwa monong'ona. Mwina ndi bambo a m'nyumba, mwina malume, mwina mchimwene amene ntchito inamuthera. Nthawi zina ndi mayi, ngakhale kuti za amayi timabisa koposa. Tsiku silidutsa asanalawe. Kuwonjezera apo, m'kabati mwake muli timapepala ta mankhwala: a BP, a shuga, ma ARV, a khunyu, ndi ena ogula pagolosale mutu ukamawawa m'mawa. Achibale amayesetsa, koma zina zimene amachita ndi mtima wabwino ndi zomwe zimaika moyo wa munthuyo pachiswe. Mafunso otsatirawa ndi amene amasowetsa tulo akazi, ana, alongo ndi makolo a anthu otere.

Tingadziwe bwanji kuti ndi uchidakwa, osati kungokonda mowa ngati anzake?

Kuwerenga mabotolo sikuthandiza kwenikweni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limayang'ana zinthu zitatu. Munthu sathanso kudziletsa: amachoka akuti akalawa limodzi, n'kubwera pakati pa usiku akudzandira. Mowa wakhala patsogolo pa ntchito, chakudya, ana ndi thanzi lake lomwe, ndipo akupitiriza ngakhale akuona yekha kuti ukumuwononga. Chinanso, thupi lazolowera: amafunika wambiri kuti aledzere, ndipo akapanda kumwa amanjenjemera, amatuluka thukuta, tulo sabwera. Ziwiri mwa zitatuzi zikakhalapo kwa nthawi yaitali, madokotala amati munthuyo wadwala.

Achibale amaona msanga za m'mawa. Munthu amene manja ake sakhazikika mpaka atamwa kochotsa matsire sakumwanso kuti asangalale. Akumwa kuti athe kugwira kapu ya tiyi. Ndipo kupeza mowa wa m'mawawo sikuvuta. Boma la Malawi linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, monga Zambia inachitira ndi tujilijili mu 2012, koma mowa waukali wotsika mtengo unangosamukira m'timabotolo, ndipo kachasu sanachoke pamudzi.

Bwanji osangotaya mowa wonse, kumubisira ndalama ndi kumutsekera m'nyumba mpaka chibaba chithe?

Musachite zimenezo. Ngati mungaiwale zina zonse za m'nkhani ino, ichi chokha musachiiwale: munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse kwa miyezi kapena zaka akhoza kufa chifukwa chosiya mowa mwadzidzidzi.

Mowa umafooketsa ubongo, ndipo ubongo wa munthu womwa tsiku ndi tsiku umazolowera kugwira ntchito mothamanga kuti ulimbane nawo. Zili ngati njinga imene mwini wake wakhala akupalasa mwamphamvu atagwira mabuleki, kenako mabulekiwo n'kuduka. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, amayamba kunjenjemera, thukuta, nseru, mantha ndi mtima kugunda kwambiri. Pakati pa maola 12 ndi 48 ena amagwa n'kumaphupha ngati a khunyu, ngakhale sanadwalepo khunyu chibadwire. Pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi, ochepa amafika pa vuto limene madokotala amati delirium tremens. Mutu umasokonekera, thupi limatentha, sazindikira mkazi wake, amaona njoka ndi tizilombo tikuyenda pakhoma. Apa m'pamene mabanja ambiri amasochera. Amati walodzedwa kapena wapenga, amamumanga zingwe, n'kutaya masiku awiri akufunafuna amene wamuchita chipongwe, pamene munthuyo akufunika bedi la kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuchipatala amamupatsa diazepam pa mlingo umene amauchepetsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, amamuyeza shuga, amamuwonjezera madzi m'thupi, ndiponso amamupatsa thiamine, yemwe ndi vitamini B1. Vitaminiyu amachepa kwambiri mwa anthu omwa mowa osadya mokwanira, ndipo akasowa ubongo umawonongeka mpaka munthu kumaiwala zimene zachitika ola lapitalo, moyo wake wonse. Choncho m'bale wanu akafuna kusiya, ayambe waonana ndi achipatala. Akakhala kuti sangafikeko msanga, kuchepetsa pang'onopang'ono n'kwabwino kusiyana ndi kudula tsiku limodzi.

Pali chinanso chimene agadiyani ambiri sachidziwa. Munthu wotere akagonekedwa chifukwa cha malungo, chibayo kapena ngozi ya pamsewu, ndiye kuti wasiya mowa mwadzidzidzi asakufuna. Uzani anamwino pa tsiku loyamba kuti amamwa tsiku lililonse, ndi nthawi imene anamwa komaliza. Musadikire kuti ayambe kubwebweta m'wodi.

Amuna anga amati mowa ndi mankhwala sizisakanizidwa, ndiye tsiku limene amwa mowa amadumpha mankhwala. Akulondola?

Uphungu woti musasakanize mowa ndi mankhwala unaperekedwa kuti munthu asiye mowa. Womwa tsiku lililonse amaumva mozondoka, n'kusiya mankhwala. Pa mankhwala ambiri a matenda okhalitsa, kudumphako n'koopsa kuposa kumwa mankhwalawo m'thupi muli mowa.

Titenge ma ARV. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'Malawi amamwa piritsi limodzi patsiku, lophatikiza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Mowa suchotsa mphamvu ya piritsi limeneli. Chimene chimawononga ndi kulidumpha: kachilombo ka HIV kamachulukanso m'magazi, chitetezo chimatsika, chiopsezo chopatsira mkazi chimakula, ndipo kachilomboko kakhoza kuyamba kupima mankhwalawo. Kwa amene alinso ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, kusiya piritsi lomweli kungachititse kuti chiwindi chitupe mwadzidzidzi, chifukwa tenofovir ndi lamivudine amagwiranso kachilombo ka matendawo. A khunyu akadumpha mankhwala amagwa, ndipo mowa pawokha umachititsa kale kuti kugwa kusavute. A BP akadumpha, mowa n'kumakwezanso BP, sitiroko imakhala pafupi. A TB akadula mankhwala miyezi 6 isanakwane, akhoza kudzadwala TB yosamva mankhwala, imene chithandizo chake n'chovuta kwambiri.

Njira imene imathandiza ambiri ndi kupempha achipatala kuti mankhwala a kamodzi patsiku azimwedwa m'mawa, munthu adakali bwinobwino, inu muli pomwepo. Mapiritsi a madzulo ndi amene amaiwalidwa, kapenanso kumwedwa kawiri chifukwa woledzera sakumbukira kuti wamwa kale. Koma kusintha nthawiyo kuchokere kwa dokotala, pakuti alipo mankhwala ena amene akakumana ndi mowa amaphadi.

Ndi mankhwala ati amenewo?

Oopsa kwambiri ndi amene amagonetsa. Diazepam, phenobarbitone, tramadol, morphine, mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, onsewa amafooketsa ubongo monga momwe mowa umachitira. Akakumana, munthu amagona tulo tofa nato, kupuma kumachepa, ndipo ena sadzukanso. Diazepam yemwe uja amene amapulumutsa munthu m'wodi ndi amene angamuphe kunyumba akamumwera pamodzi ndi kachasu. N'chifukwa chake si mankhwala ogula pamsika kapena opempha kwa mnansi. Amitriptyline, amene amaperekedwa pa matenda a nkhawa ndi kuwawa kwa mitsempha, amawonjezeranso tulo, ndipo akamwedwa ambiri nthawi imodzi amasokoneza mtima. Wa khunyu amene ali pa phenobarbitone ali pakati pa zoopsa ziwiri, kudumpha ndi kusakaniza, ndipo nkhani yake njofunika dokotala sabata ino, osati mwezi wamawa.

Kenako pali a shuga. Glibenclamide ndi insulin amatsitsa shuga, ndipo mowa umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga wosungidwa. Munthu akamwa mowa m'mimba mulibe kanthu, shuga akhoza kutsika kwambiri usiku kapena m'mawa mwake. Choipa n'chakuti zizindikiro zake zimafanana ndi kuledzera: kulankhula mosamveka, kudzandira, thukuta, ukali, kukomoka. Anthu amangoti "musiyeni agone, waledzera," pamene ubongo ukufa ndi njala. Ngati akutha kumeza, mumwetseni madzi a shuga kapena chakumwa chotsekemera, kenako adye. Ngati sakutha kumeza, musamuthire kanthu m'kamwa, thamangani naye. Metformin satsitsa shuga motero, koma mwa munthu womwa kwambiri angachititse asidi kuchuluka m'magazi, vuto losachitika kawirikawiri koma lakupha.

Chiwindi nachonso chili ndi adani ake. Atatu mwa mankhwala anayi oyambira a TB, isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide, amalemetsa chiwindi, ndipo omwa mowa kwambiri ndi amenenso amadwala TB kawirikawiri, pafupifupi katatu kuposa anzawo. Mkodzo wofiirira ngati lalanje mwa munthu amene ali pa mankhwala a TB ndi rifampicin chabe, musaope. Koma maso akachita chikasu, akamasanza, chakudya osachifuna, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Panado nayenso si wosalakwa monga timaganizira. Munthu wamkulu wathanzi sayenera kupitirira mapiritsi 8 a 500mg patsiku, ndipo kwa womwa mowa kwambiri madokotala ambiri amati theka lake. Kumbukirani kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol, yemwe ndi Panado yemweyo, m'kati mwake.

Pothawa Panado ena amathamangira Brufen, aspirin, diclofenac kapena Indocid. Amenewa amakanda m'mimba, mowa nawo umakanda momwemo, ndipo mapeto ake ndi zilonda ndi kutaya magazi m'kati. Flagyl ndi wodziwika kale: osamwa mowa nthawi yonse imene munthu akumwa mankhwalawa, ndi masiku awiri atamaliza. Ngakhale mankhwala a kutentha pamtima, monga magnesium trisilicate amene omwa mowa amawakonda, amalepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'magazi akamwedwa nthawi imodzi. ARV amwedwe maola 2 mankhwalawo asanamwedwe, kapena maola 6 atamwedwa.

Wabwera ataledzera kotheratu. Ndi liti pamene tiyenera kuthamangira kuchipatala?

Mukamugwedeza kapena kumutsina iye osadzuka. Akamapuma pang'onopang'ono kapena modukiza, milomo itasintha mtundu, thupi litazizira. Akaphupha. Akasanza magazi, kapena chimbudzi chikakhala chakuda bii ngati phula. Akagwa n'kumenyetsa mutu, kenako n'kumasokonekera, ngakhale patapita masiku. Akamadandaula kuti sakuona bwino atamwa mowa wosadziwika kochokera, chifukwa mowa wosakanizidwa ndi methanol umachititsa khungu ndiponso umapha. Pamene mukufuna galimoto kapena njinga, mugonekeni chammbali, bondo limodzi litapindika, kuti akasanza masanzi asalowe m'mapapo. Musamusiye yekha, musamuthire madzi ozizira, musamukakamize kusanza. Tengani timapepala tonse ta mankhwala ake, ngakhale topanda kanthu.

Amalandira mankhwala m'makiliniki osiyanasiyana, ndipo konseko amati samwa mowa. Ndikawauza zoona, si kumuneneza kumeneko?

Dokotala amene wanamizidwa amapereka mankhwala olakwika. Akaona BP siikutsika amawonjezera mapiritsi, osadziwa kuti chikukweza ndi mowa. Akamva kuti munthu sagona amalemba mankhwala ogonetsa. Ndipo si mowa wokha umene umabisika. Ambiri ali ndi mabuku awiri kapena atatu a kuchipatala, lina la ku ART, lina la BP ndi shuga, lina la kupulayiveti, ndipo aliyense wolemba sadziwa za mnzake. Chonsecho mankhwalawo amakhudzana. Rifampicin wa TB amachepetsa dolutegravir m'magazi, n'chifukwa chake odwala TB amawonjezeredwa piritsi lina la dolutegravir. Phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine a khunyu amachitanso chimodzimodzi. Dolutegravir naye amachulukitsa metformin m'magazi.

Sonkhanitsani zonse m'jumbo imodzi: mabuku onse, mankhwala a kuchipatala, ogula pagolosale, azitsamba, ndi omwe anatsala chaka chatha. Pitani nazo limodzi ndi iye pa tsiku lake la kiliniki. Muuzeni zisanachitike: "Bambo, mawa ndikuperekezani, ndipo adokotala akafunsa za mowa ine sindinama, chifukwa ndikuopa kuti mankhwalawa angakupwetekeni." Akakana kuti mulowe naye, ufulu ndi wake, ndipo achipatala saloledwa kukuuzani za matenda ake iye asanavomere. Koma palibe chowaletsa kumva zimene inu mwabwera kudzanena. Nenani zoona zenizeni: amamwa chiyani, wochuluka bwanji, amayamba nthawi yanji, anagwapo kapena ayi. Mawu oti "amalawako pang'ono" athandiza ochepa.

Akalola, mankhwala azisungidwa ndi inu, n'kumamupatsa a tsiku limodzi. Mwezi wathunthu wa mapiritsi ogonetsa suyenera kukhala pafupi ndi bedi la munthu woledzera.

Ndimuyambe bwanji nkhaniyi? Ndikangotsegula pakamwa ndi ndewu.

Nthawi ndiyo imalakwika kawirikawiri. Timalankhula usiku iye ataledzera, ife titakwiya, ana akumva. Zonenedwa usikuwo sazikumbukira m'mawa, chimene amakumbukira ndi chakuti ananyozedwa. Dikirani nthawi imene ali bwinobwino, muli awiri, ndipo nenani chinthu chimodzi chimene mwaona ndi maso anu. "Achimwene, dzulo munagwa pakhonde ndipo mankhwala a shuga simunamwe. Ine ndinachita mantha. Tiyeni Lachinayi tikaonane ndi adokotala." Mawu otere ndi ovuta kuwakana kusiyana ndi "mwatichititsa manyazi pamudzi pano." Ndipo pemphani chinthu chaching'ono chotheka, monga ulendo umodzi wa kuchipatala, osati lumbiro loti sadzamwanso mpaka imfa.

Kwathu kuno timakhulupirira bwalo: kuitana ankhoswa, amalume ndi akuluakulu a mpingo, kumukhazika pakati, aliyense n'kumudzudzula. Ku America anayesa kuyerekeza njira zoterezi. Mu 1999 William Miller, Robert Meyers ndi mnzawo wa pa University of New Mexico anafalitsa kafukufuku wa achibale 130 a anthu omwa mowa amene ankakana thandizo. Pa gulu limene linakonzekeretsedwa kukamukhalira bwalo womwayo, omwa mowa 30 mwa 100 alionse analowa chithandizo, ndipo mabanja ambiri analephera n'kuchititsa komwe bwalolo. Pa gulu limene linaphunzitsidwa njira yotchedwa CRAFT, analowa 64 mwa 100 alionse. Njira imeneyi siyachilendo kwenikweni. Wachibale amaphunzira kulankhula mosanyoza, kusonyeza chikondi ndi kucheza naye pa nthawi imene sanamwe, kudzipatula mwakachetechete akaledzera, kusiya kumutchingira zotsatira za mowa wake, ndi kukhala wokonzeka kumuperekeza pa tsiku limene iye wafewa.

Sindikunena kuti ankhoswa alibe ntchito. Malume mmodzi amene iye amamulemekeza, wopita naye kumunda n'kukalankhula naye kumeneko, amaposa khamu la anthu khumi pabwalo. Manyazi ndi chimodzi mwa zimene zimamubwezera munthu ku shabini.

Amandipempha ndalama, ali ndi ngongole kubawa ndi kwa akatapila. Ndizimulipirira?

Ngongole ya kubawa musalipire, ndipo musamakanamize abwana ake kuti wadwala malungo pamene ali ndi matsire. Mukamakonza zonse zimene wawononga, iye samva kulemera kwake, mumamva ndinu. Ndalama za lendi, za fizi ndi za ufa zipite komwe zikufunika osadutsa m'manja mwake. Ziphaso za malo, buku la banki m'khonde ndi katundu amene angapinyolitsidwe zisungidwe kwina. Akatapila akayamba kuopseza banja, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi.

Koma pali zinthu zitatu zimene simuyenera kumumana pofuna kumulanga: chakudya, mankhwala ake, ndi thiransipoti ya kuchipatala. Kumumana nsima munthu wa shuga amene wamwa mowa si chilango, ndi kumuika pangozi. Ena amati musiyeni afike pothera ndi pamene adzaphunzire. Kwa munthu amene ali pa ma ARV, insulin kapena mankhwala a khunyu, pothera pake pakhoza kukhala kumanda.

Anzanga akuti pali mankhwala omuthirira mobisa m'chakudya kuti mowa uzimunyansa. Nanga mapemphero?

Musamuthirire munthu kanthu mobisa. Alipodi mankhwala otchedwa disulfiram amene amadwalitsa munthu akamwa mowa, koma amaperekedwa ndi dokotala kwa munthu amene akudziwa ndipo wavomera, chifukwa akamwa mowa wambiri ali nawo m'thupi BP imagwa, mtima umasokonekera, ndipo akhoza kufa. Zitsamba zosanzitsa nazo n'zoopsa kwa munthu amene chiwindi chake chatopa kale, m'mimba muli zilonda, ndipo akusanza pamodzi ndi mapiritsi amene wamwa. Akadzazindikira, sadzadyanso chakudya cha m'manja mwanu.

Mpingo ndi mzikiti zathandiza anthu ambiri kusiya mowa, makamaka powapatsa anzawo atsopano ndi kopita madzulo, pakuti wosiya mowa amataya anzake onse tsiku limodzi. Pempherani naye. Koma aliyense wonena kuti ataye ma ARV kapena mankhwala a khunyu chifukwa wamasulidwa, kapena womutsekera kuphiri kusala kudya ali m'kati monjenjemera, akuseweretsa moyo wa m'bale wanu.

Thandizo lenileni lili kuti?

Yambirani pafupi. Pa zipatala za maboma pamakhala anamwino kapena makilinikala ophunzira za matenda a maganizo, ndipo vuto la mowa ndi gawo la ntchito yawo. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga. Kiliniki imene amalandirako mankhwala ikhoza kumutumiza. Zomba Mental Hospital imalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma. A St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ali ndi ndondomeko yothandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ku Zambia kuli Chainama Hills Hospital mu Lusaka.

Kuchotsa mowa m'thupi kumatenga pafupifupi sabata. Ntchito yaikulu imabwera pambuyo pake: uphungu, kuchiza nkhawa kapena kukhumudwa kumene mwina kunayambitsa kumwako, ndi kupeza chochita ndi maola amene ankathera kubawa. Aliponso mankhwala ochepetsa chibaba, naltrexone ndi acamprosate, amene dokotala angaone ngati akuyenera ndiponso ngati akupezeka. Gulu la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 ku Akron m'dziko la America, limasonkhanitsa anthu ofuna kusiya mowa kuti azilimbikitsana, ndipo Al-Anon, imene inayamba mu 1951, ndi ya achibale awo. Kwa amene ali ku South Africa kapena ku Britain, magulu awiriwa ali m'mizinda yambiri, ndipo misonkhano ina imachitikira pa intaneti.

Anasiya kwa miyezi itatu, pano wayambiranso. Ndiye kuti zonse zapita pachabe?

Ayi. Ambiri amene anasiyiratu anagwapo kangapo asanaime. Miyezi itatu imeneyo chiwindi chinapuma, mankhwala anamwedwa, ndipo iye waona kuti n'zotheka. Funsani chimene chinachitika tsiku limene anayambiranso, kaya ndi malipiro, maliro, ukwati kapena mkangano, chifukwa chomwecho chidzabweranso. Chenjerani ndi chimodzi: thupi limene lapuma silipiriranso mowa wochuluka ngati kale, ndiye akamwa mlingo wake wakale, makamaka ali pa mankhwala ogonetsa, ngozi imakhala yaikulu. Abwerere kuchipatala msanga, manyazi asanamutsekereze.

Akaledzera amatimenya, ndipo nthawi zina amati bola kufa. Titani?

Mowa sukhululukitsa nkhanza. Akayamba chiwawa musalimbane naye, tulukani ndi ana. Konzeranitu kopita usiku, ndipo mnansi mmodzi adziwe. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, limene Malawi inakhazikitsa mu 2006, limalola khoti kupereka chiletso choteteza wozunzidwa, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit. Pa nkhani zokhudza ana pali nambala yaulere ya 116. Ankhoswa amene angakuuzeni kuti banja n'kupirira pamene mukumenyedwa sakukuthandizani. Ana asamatumidwe kukagula mowa kapena kukatola bambo awo kubawa, ndipo auzidwe momveka kuti vutoli silinabwere chifukwa cha iwo.

Mawu oti bola kufa musawatenge ngati za kuledzera. Mowa umakulitsa kukhumudwa ndipo umachotsa mantha amene amamuletsa munthu kudzivulaza. Akakhala bwinobwino mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, a m'munda ndi a m'nkhokwe, tsekerani mapiritsi onse, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ine ndatopa. Ndayesa zonse ndipo akukana. Ndikamusiya ndalakwa?

Simunamumwetse ndinu, ndipo simungamusiyitse ndi mphamvu zanu. Osamalira anthu otere amadwala nawo: BP, kusowa tulo, ngongole, kusiya kupita kumaliro ndi kutchalitchi chifukwa cha manyazi. Nthawi zambiri katundu yense amagwera munthu mmodzi, kawirikawiri mkazi kapena mlongo, pamene achibale ena amangoimba foni kufunsa ndi kuweruza. Mutu umodzi susenza denga. Gawanani ntchito mwachindunji: wina aziperekeza ku kiliniki, wina azisunga mankhwala, amene ali kutali atumize ya thiransipoti. Inunso mukhoza kukaonana ndi aphungu pa za inu nokha, ngakhale iye atakana kupita.

Kuchoka m'nyumba pofuna kuteteza moyo wanu ndi wa ana si kulakwa. Ngati mwachoka, uzani wachibale wina ndi achipatala za mankhwala ake kuti pasakhale mpata. Munthu wamkulu amene maganizo ake ali bwino sangakakamizidwe kulandira chithandizo, ndipo alipo ena amene amakana mpaka mapeto, achibale atachita zonse zoyenera. Komabe ambiri amafewa tsiku lina, kawirikawiri atadwala, atachita ngozi, kapena atachita manyazi ndi chinthu chimene anachita pamaso pa mwana wawo. Mpata umenewo sukhalitsa. Tsiku limene adzanene yekha kuti mowawu watopa nawo, musamuuze kuti asiye pomwepo, ndipo musadikire kuti mwezi uthe. Tengani mabuku ake onse ndi mankhwala ake, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.